Kauniuni, cheza ndi khala

M'zaka za 2013 ndi 2014 mlengalenga mwa Malawi munkadutsa tindege touluka motsika, tikumapita n'kubwerera m'mizere yowongoka tsiku lonse. Ntchitoyo inali ya boma, ndalama zinachokera ku World Bank ndi ku European Union, ndipo oulutsa ndegezo anali a kampani ya ku Canada ya Sander Geophysics. Dzina la m'mapepala linali la Chingerezi, lalitali, losakhala pakamwa. Limene linagwira ndi la Chichewa: Kauniuni. Zotsatira zinatuluka mu 2015, ndipo mapu ake ali m'manja mwa nthambi ya boma yofufuza za miyala, imene likulu lake lili konkuno ku Zomba, ulendo wa kabaza kuchokera kwathu ku Sadzi.

Amene anatcha dzinali anali ndi khutu. M'kati mwake muli muuni, kamtolo ka udzu koyatsa kapena chikuni choyaka chimene munthu amanyamula potuluka usiku. Kuunika ndiko kuyandikizitsa muuniwo pa chinthu kuti uchione bwino: kuunika m'khola nkhuku zikachita phokoso, kuunika m'nkhokwe mukamveka makoswe. Mawuwa anakula n'kusiya moto kumbuyo, moti lero dokotala amaunika wodwala ndipo aphungu amaunika bajeti dzuwa likuswa mtengo. Kubwereza kwa uni-uni ndi komwe kuli mu kuyendayenda ndi kufunsafunsa, kuchita chinthu osati kamodzi, osasiya ngodya. Ka- wa kutsogoloyo ndi amene amasandutsa zochita kukhala ntchito yokhala ndi dzina, monga mu kalembera, kalondolondo ndi kafukufuku. Kalondolondo amalondola mapazi. Kafukufuku amafukula, ndipo mbale wake ndi mfuko. Kauniuni amawalitsa.

Komatu ndege ija inalibe muuni. Inanyamula zida zoyeza maginito a m'miyala, zoyeza kulemera kwa zili pansi, ndi chida china chimene nkhani yathu yagonapo. Chida chimenechi sichiwalitsa nthaka. Nthaka ndiyo imawala, icho chimangolandira. M'miyala ndi m'dothi wamba muli potaziyamu, yureniyamu ndi thoriyamu, ndipo zitatuzi zimatulutsa mphamvu yosaoneka ndi maso usana ndi usiku. M'mimba mwa ndege mumakhala mabuloko oonekera mkati amene amathwanima pang'ono mphamvuyo ikawagunda. Makina amawerenga kuthwanimako, ndipo kukula kwa kuthwanima kulikonse kumaulula kuti kwachokera kwa ndani mwa atatu aja. Ambiri ankaganiza kuti ndegeyo ikuona golide kunsi kwa mapiri. Chida chimenechi chimamva za pamwamba pokha, masentimita pafupifupi 30, osapitirira kwenikweni pamene khasu limafika. Zakuya amachita kuzilingalira pophatikiza ndi zimene zida zina zija zanena.

Mphamvu imeneyi m'Chichewa timaitcha cheza. Mwini wake wa mawuwa ndi dzuwa: cheza cha dzuwa, timizere towala tija timalowa pa kaboo ka denga m'mawa. Mukaika cheza pambali pa kucha, kuchezera ndi mchezo, mumamva kuti onsewa akuzungulira m'bandakucha. Kuchezera gule n'kuvina mpaka kuche, ndipo cheza ndicho chimafika kukacha. Cheza cha m'miyala sichidziwa kucha kapena kuda, choncho dzinali ndi lobwereka. Koma linabwerekedwa mwanzeru, chifukwa limanena zoona zingapo nthawi imodzi: chimachoka pa gwero lake n'kuyenda mowongoka, chimafooka ukatalikira, ukhoza kuchitchinga, ndipo chikachuluka chimawotcha.

Cheza chimenechi ndi nkhani ya nyukiliya. Mawu akuti nyukiliya anatifika pa wailesi atamangiriridwa ku bomba, ndipo Hiroshima wa 1945 sanawachoke mpaka lero. Gwero lake ndi lofatsa kwambiri. M'Chilatini nux ndi mtedza, ndipo nucleus ndi kanjere kamene kamatsala m'manja ukaswa khoko. Atomu ndi wa Chigiriki: a- wotsutsa, yemwe kwathu ndi osa-, ndi tomos, kudula. Mneni wake ndi temnein. Kufanana kwake ndi kutema kwathu n'kwamwayi chabe, ziyankhulo ziwirizi si pachibale, koma kumathandiza kukumbuka kuti atomu ndi chosatemeka. Dzinali linasanduka bodza. Mu 1911 Ernest Rutherford ku Manchester anaonetsa kuti chosatemekacho chili ndi njere pakati, ndipo mu 1938 Otto Hahn ndi Fritz Strassmann ku Berlin anaitema njereyo. Dzina silinasinthe, monga mayina sasintha mwini wake akasintha khalidwe.

Njere zambiri n'zokhazikika. Zina n'zosakhazikika, zimasweka zokha popanda wozikhudza, ndipo posweka ndi pomwe zimatulutsa cheza. Chodabwitsa ndi liwiro lake. Palibe angalose kuti atomu uyu asweka liti, koma mwa mamiliyoni ochuluka, theka limasweka pa nthawi yodziwika, yosasintha ndi moto, mvula kapena chisanu. Amene amadya za pamwezi sangavutike kumva: sabata yoyamba theka la malipiro lapita, yachiwiri theka la zotsalazo, yachitatu theka la zotsala za zotsala. Kusiyana kwake n'kwakuti atomu sapita kwa katapila, ndipo sabata yake ndi yofanana kuyambira pachiyambi. Ukadziwa zimene zinalipo poyamba, n'kuwerenga zotsala, wadziwa nthawi imene yadutsa.

Umo ndi momwe phiri la Zomba linadziwikira zaka zake. Mwala wake wambiri ndi siyenaiti, dzina lochokera ku Syene, mzinda wa ku Egypt umene lero ndi Aswan. Mwalawu uli ndi potaziyamu wambiri, ndipo mtundu wina wa potaziyamu umatha theka pa zaka 1.25 biliyoni. Mawotchi a m'miyala oterewa akusonyeza kuti Zomba ndi Malosa, pamodzi ndi Mulanje ndi chilumba cha Chisi pa nyanja ya Chilwa, anachokera ku miyala yosungunuka imene inazizira zaka zoposa 100 miliyoni zapitazo. Miyala ya m'chigwa imene phirilo linaboola ndi yakale kuposa pamenepo, zaka zoposa 500 miliyoni. Wamtali kuposa onse kuno ndiye wamng'ono. Yureniyamu naye ali ndi zake: Martin Klaproth anamupeza mu 1789 n'kumutcha dzina la pulaneti Uranus, lomwe kwa Agiriki ndi thambo. Chinthu chokumba pansi chinatchedwa dzina la kumwamba, ndipo ndicho chinatsegulitsa mgodi wa Kayelekera ku Karonga mu 2009, umene unaima mu 2014 mitengo itagwa.

Tsopano tifike pa khala, pakuti apa ndi pamene mawu athu ndi a eni sayansi amakumana maso ndi maso. Kaboni ndi carbo wa Chilatini, ndipo carbo ndi khala basi, lomweli limatsika pa njinga m'mamawa, matumba atatu omanga ndi luzi, mwini wake akukankha thukuta lili kamukamu. Kaboni alipo wa mitundu itatu, 12, 13 ndi 14, wofanana khalidwe koma wosiyana kulemera. Mitundu yotere amaitcha maaisotopu, kuchokera ku isos, chofanana, ndi topos, malo, chifukwa pa tchati cha akatswiri amakhala pa malo amodzi. Frederick Soddy ndiye anafalitsa mawuwa mu 1913, koma amene anamupatsa ndi mayi wina, dokotala wa ku Scotland, Margaret Todd.

Wa 14 ndiye wosakhazikika. Amapangika kumwamba kwenikweni, cheza chochokera kunja kwa dziko chikagunda mpweya. Kenako amasakanikira mu mpweya umene masamba amakoka, n'kulowa mu mtengo, mu chimanga, mu nsima, mu mafupa a wodya nsimayo. Chamoyo chilichonse chimalandira watsopano tsiku ndi tsiku. Mtengo ukagwa, kulandira kwatha, kwatsala kuchepa: theka pa zaka 5,730, theka la theka pa zaka 11,460, mpaka cha m'ma 50,000 pamene wotsalayo sawerengekanso. Willard Libby wa ku Chicago ndiye anaonetsa njirayi mu 1949, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1960. Khala limakondedwa chifukwa siliola. Chiswe chimadya mtengo, mvula imaoletsa nsalu ndi dengu, koma khala limagona m'nthaka osasintha.

Khala likachuluka limataya h, timati makala, ndipo chimodzimodzi phale, mapale. Awiriwa ndi akale pa ubwenzi wawo. Machesi asanafale, moto ukazima m'nyumba mwana ankatumidwa kukapala moto kwa anansi, ndipo khala lamoto ankalinyamulira pa phale, akuuzira njira yonse kuti lisazime. Phale ndi mbiya imene yatha ntchito yake yoyamba n'kuyamba ina: kukazingira chimanga ndi mtedza, kumwera nkhuku, kupalira moto. Ndiye wofukula zakale akakumba dzenje lake lamakona anayi, akupala dothi pang'onopang'ono ndi kasupuni ka omanga, amawapezanso ali limodzi. Aliyense amanena chimene mnzake sangathe. Phale limanena za manja amene anaumba: mkombero wake, timizere tolemba pakhosi pake, dongo lake. Khala limanena za nthawi.

M'zaka za m'ma 1960 Keith Robinson anafukula ku Nkope, m'mbali mwa nyanja ku Mangochi, n'kupeza mapale okhuthala a mikombero yokongoletsa pamodzi ndi zotsalira za kusungunula chitsulo. Makala ake anapita ku labotale ya ku Salisbury, Harare wa lero, ndipo yankho linabwera loti anthu oumba mbiya ndi osula zitsulo anali pamenepo m'zaka za m'ma 300, zaka pafupifupi 1,500 David Livingstone asanaione nyanjayo. Mpaka pano mbiya za mtundu umenewo zimatchedwa za Nkope. Pambuyo pake Yusuf Juwayeyi anafukula ku Mankhamba, kufupi ndi Mtakataka ku Dedza, malo amene mbiri ya pakamwa imati linali likulu la Kalonga. Anapeza mikanda ya galasi, zidutswa za mbale za ku China, mkuwa ndi minyanga ya njovu, ndipo makala anasonyeza kuti mudziwo unalipo kale m'zaka za m'ma 1400. Buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020.

Ndimakonda nkhani ya Mankhamba chifukwa imaika aliyense pamalo pake. Agogo anasunga dzina la malo ndi mayina a mafumu, koma zaka anazipinda zonse m'mawu amodzi, makedzana. M'mawu amenewa khutu limamva dzana, tsiku lija la kuseri kwa dzulo, ndipo zonse za kuseri kwa dzana zimalowa m'thumba limodzi, kaya ndi za zaka 100 kaya 1,000. Khala limamasula thumbalo n'kuyala zinthu motsatana. Koma khala silidziwa Phiri kapena Banda, silinamvepo za Kalonga. Amene amati sayansi yabwera kudzatsutsa agogo sanaione bwino ntchitoyi, pakuti popanda agogo wofukulayo sakanadziwa n'komwe pokumba.

Khala nalonso limanama ukalifunsa mosasamala. Chimene limanena si tsiku limene moto unayaka, koma nthawi imene mtengowo unasiya kukula. Mtima wa mtengo waukulu ukhoza kukhala wakale ndi zaka mazana kuposa khungwa lake, choncho munthu wotentha chipika chakale amasiya khala lomukulira msinkhu. N'chifukwa chake akatswiri amasangalala kwambiri akapeza njere ya mapira yopserera kapena fupa, zinthu za moyo waufupi. Ndipo khala limene lachotsedwa pamalo pake latha ntchito. Wokumba maziko a nyumba m'mbali mwa phiri la Sadzi akafukula mapale ndi makala n'kuziunjika pamodzi ndi dothi la pamwamba, wasokoneza umboni umene sungabwezeretsedwe. Chinanso, makina owerenga kaboni 14 kuno kulibe. Makala athu amakwera ndege kupita ku Johannesburg, ku Ulaya kapena ku America, ndipo amalipiridwa ndi ndalama zakunja.

Kumene kaboni walekezera, mchenga umapitiriza. Ku Karonga gulu lotsogozedwa ndi Jessica Thompson wa ku yunivesite ya Yale linapeza zida zamiyala zakale kwambiri moti kaboni sakanathandiza. Anafunsa mchenga umene unakwirira zidazo. Kanjere ka mchenga kakakwiririka kamayamba kusunga mphamvu ya cheza cha dothi lokazungulira, pang'onopang'ono chaka ndi chaka, ndipo dzuwa likakaomba zonse zimafufutika. Ndiye potenga mchengawo amakhomera paipi m'khoma la dzenje, kutseka mbali zonse, n'kukatsegulira m'chipinda chamdima. Kumeneko makina amaunika kanjereko kamodzi kokha, iko n'kubweza kuwala kumene kanasunga, ndipo kuchuluka kwa kuwalako ndiko zaka. Pa ntchito imeneyi munthu wobwera ndi tochi kudzathandiza kuunika ndiye wowononga. Zimene anasindikiza mu 2021 zinasonyeza anthu akukhala kumeneko zaka pafupifupi 92,000 zapitazo, ndipo makala a m'matope okumbidwa pansi pa nyanja ya Malawi anasonyeza kuti cha m'ma 85,000 moto wa anthu unali utayamba kale kusintha nkhalango za m'deralo. Kutentha tchire si kwa dzana.

Tibwere kunyumba. Mneni kukoka ali ndi ana ake, kukokolola ndi kukokoloka. Madzi amakokolola, nthaka imakokoloka. Mchira wa -olol- umanena za kuchotseratu, monga mu kukolola, ndipo -ok- amanena za chinthu chimene zachichitikira, osatchula wochita. Tikati nthaka yakokoloka timakhala ngati palibe amene anadula mtengo kapena kulima motsetsereka. Aliyense wa ku Sadzi amawadziwa madzi ofiira amene amatsika m'phiri mvula yoyamba ikagwa, kudula tinjira, kudzaza ngalande, kulowa mu Likangala n'kukathera ku Chilwa. Zikakula timati Napolo, monga mu Disembala 1946 pamene Zomba anasefukira, kapena timatchula namondwe Freddy wa mu Malichi 2023. Koma nthaka yambiri sichoka ndi Napolo. Imachoka mwakachetechete, kachikhatho kamodzi chaka chilichonse, ndipo funso lovuta ndi lakuti yachoka yochuluka bwanji.

Yankho lina linachokera ku bomba lomwe lija. Mayiko akuluakulu ankaphulitsa mabomba awo oyesera mumlengalenga mpaka pangano la 1963 linachepetsa mchitidwewo, ndipo fumbi lake linazungulira dziko lonse n'kugwa ndi mvula. M'fumbimo munali siziyamu 137, amene akafika pansi amakakamira ku dongo osachokanso. Kumene dongolo lapita, iye amapita. Choncho wofufuza amayamba wapeza malo athyathyathya amene sanalimidwepo kapena kukokoloka, kuti adziwe muyezo wa zimene zinagwa. Malo otere kwathu kuno ndi osowa, mwina m'mphepete mwa nkhalango ya kumanda. Kenako amayeza m'munda wa m'phiri ndi m'dambo. Kumene siziyamu wachepa, nthaka yachoka, kumene wachuluka, yaunjikana, ndipo kusiyanako amakusandutsa matani pa hekitala. Ulendo umodzi wotenga dothi umanena za zaka 60. Koma chida chimenechi chikutha m'manja. Theka la siziyamu limatha pa zaka 30, ndiye kuchokera mu 1963 watsala gawo limodzi mwa magawo anayi, ndipo kumwera kuno kunagwa wochepa poyerekeza ndi kumpoto kwa dziko. Amene akufuna kufunsa phiri la Sadzi funso limeneli asachedwe.

Madzi nawo ali ndi zizindikiro zawo, ndipo izi sizifuna n'komwe cheza. Okosijeni wa m'madzi alipo wopepuka, wa 16, ndi wolemera, wa 18. Dzuwa likamaphwetsa madzi, wopepuka ndiye amayamba kuuluka. Chilwa, nyanja yopanda mtsinje wotulukamo, imene inaphwa mu 1968 ndi mu 1995, imatsala ndi wolemera wambiri, pamene mvula ya pamwamba pa phiri, yodzaza damu la Mulunguzi, ndi yopepuka. Botolo limodzi la madzi a pa mjigo likhoza kunena ngati madziwo anatsika kuphiri kapena anayamba akhala padzuwa m'dambo. Ofufuza a kuno pamodzi ndi a yunivesite ya Strathclyde ya ku Scotland achita kale ntchito yotere m'chigwa cha Shire.

Siziyamu ali ndi dzina lokongola, caesius, mtundu wa thambo lopanda mitambo, chifukwa Robert Bunsen ndi Gustav Kirchhoff anamuzindikira mu 1860 poona timizere tiwiri tobiriwira m'lawi la moto. Ndipo ndi iye amene munthu wamba angakumane naye pafupi, osadziwa. Pomanga msewu wa phula, galimoto yotsendera ikadutsa, pamabwera munthu ndi kabokosi kachikasu kokhala ndi chogwirira chachitali ndi chizindikiro cha masamba atatu. Amakhoma kachitsulo kuboola dothi lotsenderalo, kuika kabokosi pamwamba, n'kutsitsira ndodo yake m'kadzenjemo. Kunsonga kwa ndodoyo kuli kambewu ka siziyamu 137. Cheza chake chimadutsa m'dothi kukwera ku kabokosi, ndipo dothi likatsenderedwa bwino chodutsa chimachepa. M'kabokosi momwemo muli gwero lina loyeza chinyezi. Munthuyo amabwerera m'mbuyo masitepe angapo, kudikira mphindi imodzi, n'kulemba nambala. Njira yofanana ndi imeneyi ndiyo imaona ming'alu m'kati mwa chitsulo chowotcherera pa mapaipi akuluakulu popanda kuchidula.

Zida zotere sizisungidwa ngati wilibala. Malawi analowa m'bungwe la mayiko loona za mphamvu ya atomu la IAEA mu 2006, ndipo lamulo la 2011 linakhazikitsa Atomic Energy Regulatory Authority, imene imapereka ziphaso kwa osunga ndi onyamula magwero a cheza, kuyambira m'zipatala mpaka m'migodi ndi m'misewu. Wogwira kabokosi kaja amayenera kuvala kabaji kowerenga cheza chimene thupi lake lalandira, ndipo madzulo kabokosiko kamatsekeredwa kwakekwake. Nambala imene walemba ija ndiyo imagamula ngati phula lithiridwe kapena ayi. Ikapanda kufika pa muyezo umene injiniya analamula, amathiranso madzi, ndipo galimoto yotsendera imabwereranso.